Asanalumphe, Amayamba Aphunzira Kuima

M'mawa uliwonse wa tsiku la nchito, m'nyumba zikulu-zikulu za magule ku Paris, ku London, ku St Petersburg ndi ku Cape Town, mumacitika cinthu cimene mlendo angadabwe naco. Akatswiri a gule wa ballet, anthu amene dzulo lake usiku anadzidzimutsa khamu la oonerera ndi kulumpha kwao, amalowa m'cipinda copanda mipando atabvala zobvala zakutha, nandanda m'mbali mwa khoma. Aliyense amaika dzanja lamanzere pa mtengo wosalala wopingasa, wokhomedwa kukhomako molingana ndi m'ciuno. Woimba piyano akayamba, onse pamodzi amapinda maondo pang'ono-pang'ono, nawaongolanso. Zimenezi ndi zomwezo zimene amacita mwana wa zaka 8 pa tsiku lake loyamba.

Mtengo umenewu umachedwa barre. Phunziro la tsiku ndi tsiku limatenga pafupi-fupi ola limodzi ndi theka, ndipo mphindi 30 kapena 45 zoyamba zimathera pa mtengopo. Ambiri amayesa kuti imeneyi ndi nthawi yongotenthetsa thupi, monga acitira anyamata a mpira asanalowe m'bwalo. Kutenthetsa thupi kulipo ndithu, koma pali cina cacikulu. Pa barre ndi pamene wobvina amaphunzitsa thupi lake kaimidwe, ndipo cimene thupilo lazolowera pamenepo, cabwino kaya coipa, lidzacibwereza pamaso pa anthu, mwini wake alibenso mpata woganiza. Masiku ano ana athu amauona gule ameneyu pa wailesi ya kanema ndi pa foni, ena akumuphunzira m'mizinda, ndipo cimene cimawakopa ndi mwendo wofika kukhutu. Saona zaka za nchito yacete zimene zimacititsa kuti mwendowo ukwere bondo ndi msana zili zamtendere. Ndiyo nchito imene tifuna kuti tiione pamodzi.

Gule wa kwa mafumu

Ballet anabadwira m'nyumba za mafumu ku Italy m'zaka za m'ma 1400, nakulira ku France. Mfumu Louis XIV inali yokonda kubvina. Mu 1653, ili ndi zaka 14, inabvina ngati dzuwa lotuluka pa gule wina wamkulu, ndipo mu 1661 inakhazikitsa bungwe la aphunzitsi a gule lochedwa Académie Royale de Danse. Mphunzitsi wa mfumuyo, Pierre Beauchamp, ndiye amadziwika kuti anaika m'dongosolo maimidwe asanu a mapazi amene akutsatidwabe lero. Ndico cifukwa cake mwana wa ku Tokyo ndi mwana wa ku Johannesburg amamva mau amodzi-modzi a Cifalansa kucokera kwa aphunzitsi ao. Mauwo sali ozama konse: plié ndiko kupinda, tendu ndiko kutambasula, fondu ndiko kusungunuka, frappé ndiko kumenya, développé ndiko kufunyulula.

Nchito ya pa barre ili ndi ndondomeko yake. Imayamba ndi plié, mapazi onse awiri ali pansi. Kenaka phazi limodzi limakhwekhwereza pansi osanyamuka, pambuyo pake limanyamuka pang'ono, kenaka limalemba malire ozungulira, mpaka potsiriza mwendo wonse umaponyedwa m'mwamba. Zazing'ono zimatsogola, zazikulu zimatsatira. Akamaliza mbali imodzi amatembenuka, nagwira mtengo ndi dzanja lina, nabwereza zonsezo ndi mwendo winawo. Mmisiri wa zithunzi Edgar Degas anajambula atsikana awiri ali pa barre mu 1877, ndipo pambali pao anaikapo kheni yothirira maluwa. Nthawi imeneyo ankawaza madzi pa matabwa a pansi kuti fumbi ligone ndiponso kuti mapazi asaterereke, monga ticitira ife tisanasese pabwalo. Cithunzico cili ku Metropolitan Museum mu mzinda wa New York.

Kuima

Mphunzitsi wodziwa nchito yake sathamangira kuyang'ana mwendo umene ukuyenda. Maso ake amayamba agwera pa mwendo umene waima, ndi thupi lonse limene lasanjikizana pamwamba pake. Munthu akaima cammbali, khutu, phewa, ciuno, bondo ndi kakolo ziyenera kutsata mzere umodzi, monga njerwa zimene mmisiri waziyala potsata cingwe. Mafupa akasanjikizana motero amasenza okha kulemera kwa thupi, ndipo minofu imatsala ndi mphamvu za nchito ina. Akapanda kutero, minofu ina imagwira ganyu amene sali wake tsiku lonse, mpaka kuuma ndi kuyamba kuwawa. Amai athu osenza mtsuko kucokera kucitsime sanaphunzire ballet, koma mfundo imeneyi matupi ao amaidziwa bwino-bwino: mutu ukatsogola pang'ono khosi limalira, msana ukapindika madzi amatayika.

Pakati pa zonsezi pali mafupa a ciuno, amene maonekedwe ao ali ngati beseni. Aphunzitsi amakonda kuuza ana kuti ayerekeze kuti beseniyo yadzaza madzi. Mwana akatulutsa matako kumbuyo, beseni imapendekera kutsogolo, msana wa m'munsi umakhota kwambiri, mimba nkutuluka. Akafinya matako nawalowetsa mkati pofuna kukonza colakwa coyambaco, beseni imapendekera kumbuyo, miyendo imamangika, ndipo nchafu zimagwira nchito yoposa muyeso. Pofunika mpakati, pamene madzi satayikira uku kapena uko. Amene amasunga beseni pamenepo ndi minofu ya mkati mwa mimba ndi ya m'mbali mwa ciuno, imene imagwira mwakacetecete, munthu akupuma bwino-bwino.

Pansi pali phazi, limene lili ndi mafupa 26. Likaponda bwino limakhazikika pa malo atatu: pa cidendene, patsinde pa cala cacikulu, ndi patsinde pa kacala kotsiriza. Ndi mafuwa atatu amenewa. Fuwa limodzi likatitimira mphika umapendeka, ndipo pa thupi la munthu mphikawo ndiwo kakolo, bondo ndi ciuno.

Bvuto lake nlakuti thupi limakonda cimene linazolowera. Mwana amene wakhala akuima mopendeka kwa zaka zambiri amamva ngati waongoka, ndipo mphunzitsi akamuongola amadandaula kuti akugwa. Galasi lalikulu la m'cipindamo limathandiza, koma tsiku la gule galasi kulibe. Wobvina ayenera kuphunzira kumva kuongokako kucokera mkati, ndipo kumva kotere sikubwera munthu akuthamanga.

Bondo si ciuno

Cimene cimasiyanitsa ballet ndi magule ena ndi kutembenuzira miyendo kunja, kotero kuti maondo ndi zala za kumapazi zimaloza m'mbali. Pa Cifalansa amati en dehors. Phindu lake nlakuti mwendo wotembenuka umakwera patali cammbali popanda fupa kugunda fupa linzake, ndiponso wobvina amatha kuyenda uku ndi uku nkhope ili kwa oonerera. M'masiku a Louis XIV mapazi ankatseguka pang'ono cabe, ngati cilembo ca V. Pofika mu 1820, pamene Carlo Blasis anasindikiza buku lake la malangizo ku Milan, muyeso unali utafika poti mapazi awiriwo, zidendene zitagundana, apange mzere umodzi woongoka: madigiri 90 mwendo uliwonse.

Anthu obadwa ndi ciuno colola zimenezi ndi owerengeka. Mutu wa fupa la nchafu ndi wobulungira, ndipo umakhala m'kadzenje ka m'ciuno monga munsi mu mtondo. Pamenepo ndi pamene mwendo unapangidwa kuti uzizungulira. Amene amauzunguza kunja ndi timinofu 6 tating'ono tobisika mkati, kunsi kwa minofu ikulu-ikulu ya matako. Kuya kwa kadzenjeko ndi kapendekedwe ka khosi la fupalo zimasiyana munthu ndi munthu, ndipo munthu wamkulu ngakhale adzikoke bwanji sangasinthe kaumbidwe ka fupa. Cimene angasinthe ndi mphamvu za timinofu tija, kuti agwiritse nchito mpata wonse umene anabadwa nao. Obvina ambiri akagona pansi namasuka, miyendo yao imatembenuka kuposa m'mene imacitira akaimirira. Mpata ulipo, cosowa ndi mphamvu youzungira.

Tsono mwana wofunitsitsa kukondweretsa mphunzitsi amapeza njira yacidule. Amapinda maondo, nakankhira mapazi kunja, nawakanikiza pansi kuti agwire, kenaka nkuongola maondo. Pa galasi mapazi aoneka bwino zedi. Koma ciuno sicinabvomere, ndiye kupotoka kumene cakana kumatsikira pa bondo. Bondo lili ngati citseko: nchito yake ndi kutseguka ndi kutseka, ndipo mukalipotoza tsiku ndi tsiku, mitsempha yake ya mkati imakokeka. Phazi nalo limagubuduzikira ku cala cacikulu, fuwa lakunja nkunyamuka, ndipo beseni ija imapendekera kutsogolo kuti ipeze kampata kena. Mwezi woyamba palibe cimene cimapweteka. Ngongole imeneyi imabwera kudzalipidwa patapita zaka, pa bondo, pa msongolo, pa mtsempha wa kumbuyo kwa cidendene kapena kumsana, ndipo kawiri-kawiri imafika pa msinkhu umene wacinyamata akuyembekeza kulembedwa nchito.

Cenjezo limeneli silacilendo. M'zaka za m'ma 1700 kunali kacipangizo ka matabwa kochedwa tourne-hanche, kamene ankatsekeramo mapazi a ana kuti atembenuke mokakamiza. Jean-Georges Noverre, m'buku lake la makalata onena za gule la mu 1760, anakatsutsa kacipangizo kameneka, nanena kuti kamapundula m'malo mokonza, ndipo analangiza zolimbitsa thupi zapang'ono koma zosalekeza. Tinene mongodutsa kuti tsiku lobadwa la munthu ameneyu, 29 April, ndilo limene dziko lonse limakumbukirapo magule caka ndi caka. Kacipangizo kaja kanatha, koma mtima wofuna kukakamiza mapazi sunathe.

Muyeso wake ndi wosabvuta, ngakhale kholo losadziwa gule lingathe kuuona. Mwana akapinda maondo, bondo liyenera kupita pamwamba pa cala caciwiri ndi cacitatu ca phazi. Likagwera mkati, kutsogolo kwa cala cacikulu, ndiye kuti mapazi atseguka kuposa m'mene ciuno calolera, ndipo ayenera kubwezedwa pang'ono. Ife tiona kuti V woona ndi wamtengo wapatali kuposa mzere woongoka wakuba, ndipo mphunzitsi amene amakankha mapazi a mwana ndi phazi lake kuti atseguke ayenera kufunsidwa mafunso.

Cimene kucedwa kumaulula

Tiyeni titenge tendu, imene imaoneka ngati kanthu kacabe. Phazi limakhwekhwereza pansi kupita kutsogolo, cammbali kapena kumbuyo mpaka nsonga za zala zokha ndizo zatsala pansi, kenaka limabwerera. Mofulumira, zimenezi zimatha munthu asanaphethire kawiri. Koma mphunzitsi akati ipite powerenga 8 ndi kubwerera powerenga 8, mwana amazindikira kuti m'kanthu kameneka muli ulendo wautali. Coyamba kulemera kwa thupi kumasamukira pa mwendo woima, ciuno cosagwera pambali. Popita kutsogolo cidendene ndico cimatsogola. Phazi limakhuza pansi mpaka cidendene cikakamizika kunyamuka, kenaka patsinde pa zala, ndipo potsiriza zala zimatambasuka, zazitali, zosakwinyika ngati za nkhuku. Pobwerera zonse zimacitika cobwerera m'mbuyo, zala, patsinde, cidendene, ndipo minofu ya mkati mwa nchafu ndiyo imakokera mwendo kwao.

Pa ulendo umenewu pali malo ambiri obera. Ciuno cingatsagane ndi mwendo. Bondo la mwendo woima lingalefuke. Phazi lingakhote ngati cikwakwa. Mapewa angakwere, mpweya ungaime, mano angalumane. Pa liwiro zonsezi zimadutsa osaoneka, koma pa kucedwa zimakhala poyera, mphunzitsi amaziona, ndipo coposa apo mwini wake amazimva. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kodi kucedwa kumalimbitsa bwanji thupi? Aliyense amene anakwerapo njinga adziwa kuti kuthamanga nayo nkosabvuta, pakuti liwiro lokha limaiimika. Muyese kuiyendetsa pang'ono-pang'ono, mofanana ndi nkhalamba yoyenda ndi ndodo pambali panu: pamenepo ndi pamene thupi lonse limadzuka. Mwendo woponyedwa nao umakwera ndi mphamvu ya kuponyako, ndipo minofu imagwira poyambira pokha. Mwendo wokwezedwa mosafulumira ulibe wouthandiza, mnofu uyenera kuusenza njira yonse.

Kutsika ndiko kofunika koposa. Kuponya thumba la cimanga pansi aliyense angathe, koma kulitula bwino-bwino kuti lisaphulike kumafuna mphamvu zeni-zeni, cifukwa mnofu umagwira nchito uku ukutalika. Plié wocedwa amaphunzitsa zimenezi. Wobvina satsika ngati wagwa m'dzenje, amatsika akukaniza, zidendene zili pansi, msana uli ciriri, ndipo pokwera amakankha pansi ndi mapazi onse. Kulumpha kulikonse mu ballet kumayambira mu plié ndi kuthera mu plié, ndipo potera miyendo imalandira kulemera koposa kwa thupi kangapo. Bondo limene linazolowera kugwera mkati pa plié wa m'mawa lidzagweranso mkati potera madzulo, koma tsopano ndi katundu yense uja. Bongo ndi mitsempha zimasunga cimene cabwerezedwa, sizisankha.

Ku St Petersburg kuli sukulu ya gule imene inayamba mu 1738, ndipo kucokera mu 1957 imadziwika ndi dzina la Agrippina Vaganova, mphunzitsi amene anakhala ndi moyo kuyambira 1879 mpaka 1951. Buku lake la mu 1934 likugwirabe nchito m'maiko ambiri. Ana amalowa pa sukuluyi ali ndi zaka pafupi-fupi 10, ndipo maphunziro amatenga zaka 8. Caka coyamba amayamba atayang'ana kukhoma, manja onse awiri ali pa barre, akucita tendu ndi plié mocedwa kwambiri. Vaganova ankalimbikira kwambiri pa msana wolimba, pakuti anaona kuti kukhazikika kwa wobvina kumacokera m'thunthu. Galina Ulanova ndi Natalia Dudinskaya, amene anadzachuka kwambiri, anadutsa m'manja mwake.

Mtsikana wa msana wokhota

Nkhani ya Marie Taglioni imaonetsa bwino mphamvu ya nchito yotere, pamodzi ndi kuopsa kwake. Iye anabadwira ku Stockholm mu 1804. Ali mtsikana sanali wopatsa ciyembekezo: msana wake unali wokhota pang'ono, manja atali-atali, ndipo ku Paris kumene ankaphunzira sanali kumuwerengera. Atate ake, Filippo Taglioni, atamuitanitsa ku Vienna mu 1821 anaona kuti sanakonzeke, ndipo anayamba kumuphunzitsa okha maola 6 pa tsiku kwa miyezi 6. Gawo lina la tsiku linali la miyendo ndi mapazi, lina la kulumpha, ndipo lina linali la mayendedwe ocedwa, pamene mtsikanayo ankaima ndi mwendo umodzi, wina uli m'mwamba, akuwerenga mpaka 100 asanasinthe. Anabvina koyamba pamaso pa anthu ku Vienna mu 1822. Patapita zaka 10, mu 1832, anabvina La Sylphide ku Paris, ndipo oonerera anaona ngati mapazi ake sakukhudza pansi.

Tikumbukire kuti nsapato za nthawi imeneyo zinalibe kabokosi kolimba kumapeto monga za lero. Zinali za nsalu yofewa, zosokedwa-sokedwa ndi ulusi kunsonga kuti zilimbeko. Cimene cinkamukweza pa zala inali mphamvu ya phazi ndi mwendo wake. Kupepuka kumene anthu anakuyesa mphatso yobadwa nayo kunacokera ku maola aja oima osagwedezeka. Komabe sitikulangiza kholo lirilonse kutsanzira bambo ameneyu. Mbiri imanena kuti mtsikanayo ankafika pokomoka ndi kutopa, ndipo madokotala a obvina lero amadziwa kuti mnofu umalimba pa nthawi yopuma, ndiponso kuti zobvulala zambiri mu ballet zimabwera kamba ka kubwereza koposa muyeso.

Kodi liwiro lilibe malo?

Si aphunzitsi onse amene anagwirizana pa nkhaniyi. George Balanchine, amene anabadwira ku St Petersburg mu 1904 nadzakhazikitsa sukulu ya gule ku New York mu 1934, ankakonda liwiro. Pa barre yake panali ma tendu oculuka zedi, ena othamanga ngati mphezi, cifukwa magule amene ankapeka ankafuna mapazi acangu. Mu mzinda womwewo munali mai wina, Maggie Black, amene anamwalira mu 2015. Iyeyu ankaphunzitsa modekha, akulimbikira kuti ciuno cikhale colunjika ndi kuti aliyense agwire nchito ndi kutembenuka kumene mafupa ake alola. Akatswiri ambiri ankapita kwa iye, mmodzi wa iwo Gelsey Kirkland.

Ife sitiona mkangano weni-weni pamenepa. Gule amafuna cangu, ndipo wophunzira amene amangocita zocedwa zokha-zokha adzalemera miyendo, nyimbo nkumusiya m'mbuyo. Nkhani yagona pa cimene ciyenera kuyamba. Balanchine ankagwira nchito ndi anthu amene anali ataumbidwa kale kwa zaka zambiri. Liwiro limacurukitsa cimene lapeza: likapeza tendu yoongoka limaibwereza kambiri, likapeza yokhota limaibwerezanso kambiri.

Mphamvu yosaoneka

Masiku ano magulu akulu-akulu a ballet ali ndi akatswiri a zolimbitsa thupi, ndipo zimene apeza zimagwirizana ndi nzeru yakale ija. Ku Australian Ballet, mu mzinda wa Melbourne, katswiri woona za minofu ndi mafupa Sue Mayes anapeza kuti obvina amene sankatha kunyamuka pa cidendene ndi mwendo umodzi kokwana ka 25 ndiwo ankadandaula kawiri-kawiri za akakolo. Gululo linaonjezera kacizolowezi kakang'ono kumapeto kwa barre. Wobvina amaima ndi mwendo umodzi, phazi litaloza kutsogolo, bondo loongoka, nanyamula cidendene mpaka pamwamba, natsika mosafulumira, osadumpha-dumpha, osapendekera ku cala cacikulu kapena cacing'ono. Zobvulala za akakolo ndi akatumba zinacepa, ndipo masukulu ena ambiri anatengera citsanzo cimeneci.

Ena amagwira nchito ya barre atagona pansi. Boris Kniaseff, mphunzitsi wocokera ku Russia, ndi Zena Rommett wa ku New York, anadziwika ndi njira imeneyi. Munthu akagona cagada, pansi pamamuuza coona: beseni ikapendeka amaimva nthawi yomweyo, ndipo phazi silingagwire pansi kuti libe kutembenuka. Naye Joseph Pilates, amene zolimbitsa thupi zake zafala dziko lonse, ankalandira obvina ambiri obvulala pamalo pake ku New York.

Apa ndi pamene tifuna kuti makolo achere khutu. Pa intaneti pali zithunzi zambiri za ana okhadzula miyendo pakati pa mipando iwiri, mnzao atawakhalira pamsana. Kufewa kotere, kopanda mphamvu yokusunga, kumakoka mitsempha imene nchito yake ndi kugwira mafupa pamodzi, ndipo mitsempha imeneyi ikatalika sibwerera msanga ngati mphira. Développé yeni-yeni imaoneka mwa mtundu wina. Phazi limakwawa m'mbali mwa mwendo woima kufika pa bondo, nchafu imakwera, mwendo umafunyululuka pang'ono-pang'ono, nukhala m'mwamba, kenaka nutsika mwaulemu. Ngati mwendo wafika m'ciuno mokha koma beseni ili phee, imeneyo ndi nchito yabwino, ndipo utali udzabwera caka ndi caka. Cimodzi-modzi nsapato zoimira pa zala, zimene mtsikana aliyense amazilota. Bungwe la International Association for Dance Medicine and Science, limene linayamba mu 1990, limalangiza kuti mwana asazibvale asanakwanitse zaka 12, ndiponso kuti akhale ali m'caka cacinai ca maphunziro osacepera kawiri pa sabata. Ngakhale zakazo zitakwana, ngati thunthu ndi akakolo zili zofooka, ayenera kudikira. Mafupa a phazi la mwana amakhala akukulabe.

Dzanja

Tatsala ndi dzanja limene lili pa mtengo. Malo ake ndi patsogolo pa thupi pang'ono, cigongono comasuka, zala zitangogona pamwamba. Likatsalira kumbuyo limapotoza phewa, thupi lonse nkutsatira. Wophunzira akayamba kuufumbata mtengo mpaka mitsempha kutuluka padzanja, kapena kuukoka ngati akutunga madzi pacitsime, ndiye kuti kulemera kwake sikuli pa mwendo woima. Aphunzitsi amayesa zimenezi mwadzidzidzi: pakati pa nchito amauza onse kuti anyamule dzanja. Amene anaima pa mwendo wake amakhala momwemo. Amene anaima pa mtengo amadzandira. Ndipo mayeso akulu amabwera barre ikatha, pamene onse amapita pakati pa cipinda nakabwereza ma tendu ndi ma développé omwe aja popanda cogwira.

Mwana wofuna kubwereza kunyumba zimene waphunzira safunika zida zodula. Kumbuyo kwa mpando wolimba wofika m'ciuno kumakwanira, ndipo mphindi 15 za plié, tendu ndi kunyamuka pa cidendene, zocitidwa modekha, ndi zokwana pa tsiku. Zatsopano azisiyira mphunzitsi, pakuti kunyumba kulibe diso lomuongola. Kulumpha kokha asacitire pa simenti. Pansi pa zipinda za ballet amayalapo matabwa okhala ndi mpata kunsi kwake kuti azinepa munthu akatera, pamene simenti imabweza mphamvu yonse ku msongolo ndi ku bondo.